Kukonzekeretsa a Fomu 4 kulemba chimangirizo cha mtsutso wotchi ikuyenda

Mwana yemwe pa nthawi yopuma amatsutsana ndi anzake za mpira mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, mukamupatsa pepala n'kumuuza kuti avomereze kapena atsutse mutu wakutiwakuti pa ola limodzi, amatha mphindi khumi akutafuna chivindikiro cha cholembera. Akayamba, amalemba ndime ziwiri zovomereza, ziwiri zotsutsa, n'kutseka ndi mawu akuti "choncho chilichonse chili ndi ubwino ndi kuipa kwake." Nzeru ali nazo ndithu. Chimene sanaphunzire n'kusankha mbali msanga, kuiikira kumbuyo ndi umboni weniweni, ndi kumaliza woyang'anira mayeso asananene kuti zolembera pansi.

Pa mayeso a MSCE, omwe amalembetsa a MANEB, chimangirizo chimabwera pa Chichewa ndi pa Chingerezi pomwe. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale maphunziro enawo atakhoza bwanji, ndipo wofuna malo ku yunivesite za boma amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Zitsanzo zili m'munsimu n'za Chichewa, koma njira yake ndi yomweyo pa mapepala onse awiri.

Yambani ndi pepala lakale

Musayambe ndi manotsi a mitundu ya zimangirizo. Bweretsani pepala lenileni la chaka cham'mbuyo, ngakhale likhale limodzi loti muzikopera pa bolodi. Ana awerenge okha malangizo ake: mafunso alipo angati, asankhepo angati, nthawi ndi yochuluka bwanji, mawu akufunika angati. Mapepala a MSCE akhala akufuna mawu a pakati pa 350 ndi 500. Kenako adule mzere kunsi kwa mawu omwe akulamula chochita. "Fotokozani" ndi ntchito ina, "Kodi mukugwirizana nazo?" ndi inanso. Funso lachiwirili likufuna kuti wolemba ayankhe eya kapena ayi.

Auzeninso kuti funso la mtsutso si lokakamiza ngati pali mafunso ena osankhapo. Muyeso wake ndi uwu: pakatha mphindi ziwiri mwana asanapeze mfundo zitatu, alisiye atenge lina.

Atsutsane pakamwa asanagwire cholembera

Lembani mutu pa bolodi. Tiyerekeze kuti ndi uwu: "Boma liletseretu kugulitsa makala m'mizinda." Ovomereza apite ku khoma la kumanja, otsutsa ku khoma la kumanzere. Pakati pasatsale munthu. Nthawi zonse pamapezeka wina woima pafupi ndi tebulo lanu n'kumati, "Aphunzitsi, ine ndikuona ngati mbali zonse zili ndi mfundo." Muyankheni kuti, "Zoona, koma pita kumene mfundo zako zachuluka." Apatseni mphindi imodzi yokha yosankhira, chifukwa pa mayeso nthawi yake ndi yomweyo.

Aliyense wolankhula anene mfundo imodzi ndi chitsanzo chimodzi. Wonena mfundo yopanda chitsanzo, anzake amufunse limodzi kuti "Kuti? Liti?" Poyamba amaseka, koma funso limeneli likawalowa m'mutu, amadzifunsa okha akamalemba.

Zikafika pokoma, asinthanitseni makoma. Amene amati makala aletsedwe ateteze wogulitsa makala, winayo ateteze nkhalango. Pamakhala kung'ung'udza, koma apa m'pamene mwana amazindikira kuti pa mayeso sakufunsidwa chikhulupiriro cha mumtima mwake. Akufunsidwa ngati angathe kumanga mlandu. Wochonga ali ngati mfumu pa bwalo: safuna womuuza kuti onse awiri akulondola, amafuna woima mbali imodzi n'kuonetsa mboni zake. Mbali yoyenera kusankha ndi imene mwanayo ali nayo mboni zambiri.

Chiganizo chimodzi, kenako pulani

Asanalembe china chilichonse, mwana alembe chiganizo chimodzi chonena mbali yake ndi zifukwa zake. Mwachitsanzo: "Kugulitsa makala m'mizinda kuletsedwe chifukwa kukutha nkhalango, kukusokoneza magetsi, ndipo kukupindulira ochepa pomwe chiwonongeko chikugwera tonse." Yeserani izi pa mitu isanu kapena isanu ndi umodzi pa phunziro limodzi, mutu uliwonse mphindi zitatu, osalemba chimangirizo ayi. Mafoni ku sukulu, yunifolomu, chibalo, sukulu zogonera konko, ukwati wa ana, mapepala apulasitiki: mitu ya mtundu umenewu sikutha.

Pulani ikhale yaifupi, yokwana pa kachigamba ka pepala. Ya mutu wathu uja ingaoneke chonchi:

Mbali: aletse.
1. Mapiri atha mitengo. Soche, Chilobwe, Freddy 2023.
2. Matope mu Shire. Nkula, Tedzani, Kapichira. Magetsi kuzimazima.
3. Wootcha amalandira zochepa, opindula ndi a malole.
Otsutsa: nanga aziphikira chiyani? Yankho: kuletsa pang'onopang'ono, mbaula zosatha nkhuni, gasi atsike mtengo.
Pomaliza: pempho kwa boma ndi makhonsolo.

Mawu osakwana makumi asanu, koma chimangirizo chonse chili momwemo. Ana ambiri amadana ndi pulani, amati ikuwadyera nthawi. Musalimbane nawo pakamwa. Gawani kalasi pawiri, ena alembe ndi pulani, ena alowe m'chimangirizo mwachindunji, kenako muwerenge mokweza ndime yachitatu ya mapepala angapo a mbali zonse. Kawirikawiri opanda pulani pofika pamenepo amakhala akubwereza zomwe ananena m'ndime yoyamba, ndipo anzawo amamva okha.

Ndime ndiyo ntchito yeniyeni

Ngati nthawi yakutherani ndipo mungathe kuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, phunzitsani ndime. Malikisi ambiri amatayikira pano. Nayi ndime yomwe mphunzitsi aliyense waionapo kambirimbiri:

"Makala ndi oipa chifukwa amawononga chilengedwe. Anthu akamadula mitengo chilengedwe chimawonongeka. Chilengedwe chikawonongeka zinthu siziyenda bwino m'dziko. Choncho makala ndi oipa kwambiri."

Ziganizo zinayi, kalembedwe kopanda cholakwika, koma mfundo ndi imodzi yonenedwa kanayi. Lembani ndimeyi pa bolodi, ana aifunse mafunso awo aja: Kuti? Liti? Zimachitika bwanji? Ndani wavutika? Kenako mangani ina pamodzi, chiganizo ndi chiganizo, mpaka ifike apa:

"Choyamba, malonda a makala akutha mitengo ya m'mapiri yomwe imatiteteza mvula ikachuluka. Wootcha makala amagwetsa mtengo wauwisi, ndipo phiri likayera sipakhalanso mizu yogwira nthaka. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atafika ku Blantyre, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri n'kutaya miyoyo. Phirilo linali litatha kale mitengo yake yambiri. Malinga ngati thumba la makala likugulitsidwa poyera mumzinda, mapiri otsalawa adzayeranso chimodzimodzi."

Ana aone okha zomwe zasintha. Chiganizo choyamba chanena mfundo. Chachiwiri chafotokoza m'mene chinthucho chimachitikira. Chachitatu ndi chachinayi zapereka malo, mwezi ndi chaka. Chomaliza chabwerera ku mutu wa funso. Aonetseninso kuti wolembayu sananene kuti makala okha ndiwo anagumula phiri la Soche, poti pali kumanga nyumba m'mphepete mwa phiri, nkhuni, ndi mvula yomwe inali yoposa muyeso. Wanena zokhazo zomwe angathe kuziikira umboni. Kukokomeza kumafooketsa mtsutso, chifukwa wowerenga akagwira bodza limodzi amakayikira zonse.

Kwa masabata awiri kapena atatu, ana azilemba ndime imodzi yokha pa mphindi khumi. Ndime imodzi imachongeka msanga, ndipo mwana amaona kusintha kwake mofulumira kusiyana ndi kudikira chimangirizo chathunthu chomwe chibwerere patatha mwezi.

Mawu olumikizira ndime aphunzitseni, koma musawapembedze. "Choyamba", "kuwonjezera apo", "ngakhale zili choncho", "pa chifukwa ichi" amathandiza wowerenga kutsata. Pali ana ena omwe amaloweza mawuwa n'kumawamwaza paliponse, mpaka "komabe" kumaima pakati pa ziganizo ziwiri zogwirizana. Miyambi nayonso chimodzimodzi. Umodzi woikidwa pamalo pake umakometsa chimangirizo cha Chichewa, koma ndime iliyonse ikamatsekedwa ndi "akuluakulu anati", wochonga amadziwa kuti mfundo zatha.

Nkhokwe ya umboni

Mwana sangapereke chitsanzo chomwe sachidziwa, ndipo m'sukulu zambiri zoyendera nyuzipepala sifika. Choncho aliyense apatule masamba anayi a kumapeto kwa kope lake, azisungamo zinthu zoona zomwe angazigwiritse ntchito pa mitu yosiyanasiyana. Zisachuluke. Khumi ndi zisanu zodziwika bwino zikuposa makumi asanu zosokonekera zaka.

Zoyambira zingakhale izi. Maphunziro a pulayimale aulere anayamba mu 1994, ana anakhamukira ku sukulu mwaunyinji mpaka zipinda ndi aphunzitsi kuperewera. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anakadandaula ku khoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho. Mu March 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, magetsi n'kumazima maola ambiri kwa miyezi. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera.

Chinsinsi chake n'chakuti chinthu chimodzi chimagwira pa mitu ingapo. Kutsekedwa kwa sukulu mu 2020 kungateteze mafoni, poti ena anapitiriza kuphunzira kudzera pa foni ndi wailesi. Kungatetezenso mfundo yoti mafoni amakulitsa kusiyana pakati pa olemera ndi osauka, poti ambiri analibe. Yeserani zimenezi: tchulani chochitika chimodzi, ana apeze mitu itatu yomwe chingalowemo.

Umboni wa kwawo nawonso ndi umboni. Mtsinje wa m'mudzi womwe kale sunkaphwa koma tsopano umauma pofika September, njinga zonyamula matumba atatuatatu zomwe zimatsika m'bandakucha kulowera m'tauni, mtengo wa thumba pa msika wa kwawo. Zoterezi zimakhutiritsa kuposa chiwerengero chopeka. Ana amakonda kulemba kuti "kafukufuku waonetsa kuti anthu 90 mwa 100 aliwonse", pomwe kafukufukuyo wabadwira m'chipinda cha mayeso momwemo. Aletseni. Ngati sakudziwa nambala, anene kuti "mabanja ambiri", apitirire.

Osathawa mfundo ya otsutsa

Ndime yomwe imasiyanitsa chimangirizo chabwino ndi chapakatikati ndi yoyankha mbali inayo. Koma pano m'pamenenso ana amaterereka: amayamba kunena mfundo ya otsutsa, imawakomera, n'kupezeka asamukira komweko. Apatseni chimango choti azitsata mpaka atazolowera: ziganizo ziwiri za otsutsa, zitatu kapena zinayi zoyankha.

"N'zoona kuti mabanja ambiri m'mizinda alibe magetsi, ndipo ngakhale omwe ali nawo amafuna makala magetsi akazima. N'zoonanso kuti wootcha makala amadyetsa ana ake ndi ntchito imeneyi. Komabe, kuzima kwa magetsiko mbali ina kumachokera ku matope omwe amatsikira mu Shire nkhalango zikatha, n'kukasokoneza makina ku Nkula ndi ku Tedzani. Tikapitiriza kuotcha makala pofuna kuthawa mdima, tikuwonjezera mdima womwewo. Choyenera n'kuletsa pang'onopang'ono, uku boma likutsitsa mtengo wa gasi ndi kuthandiza ootcha makala kupeza ntchito zina."

Mfundo ya otsutsa ikhale yamphamvu, osati yongodzipangira kuti igwe mosavuta. Masewera osinthana makoma aja amathandiza apa, chifukwa mwana anaimapo kale mbali inayo ndipo akudziwa pomwe imaluma.

Chiyambi ndi mathero

Izi musatayirepo masabata. Chiyambi chikhale ziganizo zitatu kapena zinayi: vuto ndi lotani, ndipo ine ndaima pati. Chiganizo chija analemba pa pulani chilowe pano. Thetsani chizolowezi choyamba ndi "M'chimangirizo ichi ndifotokoza za", komanso chotanthauzira mawu omwe aliyense akuwadziwa, monga "makala ndi zinthu zakuda zochokera ku mitengo". Mathero abwereze mbali ya wolemba m'mawu ena ndi kunena amene achitepo kanthu. Mfundo yatsopano isalowemo.

Tsopano wotchi

Mwana yemwe zimangirizo zake zonse walembera kunyumba, Loweruka lonse lili lake, sanakonzekere mayeso. Wotchi ilowe m'kalasi msanga, ndipo ilowe pang'onopang'ono: pulani pa mphindi 8, ndime pa mphindi 10, kenako pulani ndi chiyambi ndi ndime imodzi pa mphindi 25, kenako chimangirizo chonse.

Ngati mwana wapatulira chimangirizo ola limodzi, agawe motere: mphindi 5 kuwerenga mafunso ndi kusankha, 8 pulani, 40 kulemba, 7 kuwerenganso. Pa mphindi 40 zimenezo, ndime zinayi za thunthu zimadya mphindi 8 iliyonse, chiyambi ndi mathero n'kugawana zotsalazo. Ngati pepala lili ndi gawo lina, monga mafunso a malamulo a chiyankhulo, muwerengere limodzi nthawi ya gawo limenelo kuchokera pa pepala lakale lija, aliyense adziwe kuti pofika mphindi yakuti akhale atasamuka.

Poyeserera koyamba, muzilengeza: "Mphindi 13 zatha, amene akadali pa pulani ayambe kulemba." Ulendo wachiwiri muzingolemba nthawi pa bolodi osalankhula. Wachitatu khalani chete, wotchi ya pakhoma igwire ntchito yokha. Ikakwana nthawi, tolerani mapepala ngakhale wina ali pakati pa chiganizo. Amadandaula, ena amakwiya nanu tsiku lonse, koma kuli bwino zimuchitikire mu teremu yachiwiri kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso.

Kuwerenga mawu limodzilimodzi kumadya nthawi yambiri, ndipo mumaona mwana akugogoda pepala ndi cholembera, milomo ikugwedera, mphindi zisanu zikupita. Aliyense adziwiretu kalembedwe ka dzanja lake. Awerenge mawu a m'mizere isanu ya m'kope lake, agawe ndi 5, apeze mawu a mzere umodzi. Wolemba mawu 7 pa mzere afunika mizere pafupifupi 60 kuti afike mawu 420. Achite zimenezi pa Chichewa payekha ndi pa Chingerezi payekha, chifukwa mawu a Chichewa ndi ataliatali ndipo mzere umadzadza msanga. Pa mayeso azingowerenga mizere.

Phunzitsaninso chochita nthawi ikathina. Zikatsala mphindi 8 mwana ali pa mfundo yachiwiri, asiye yachitatu, alembe ziganizo zitatu zoyankha otsutsa, atseke. Chimangirizo cha mfundo ziwiri chomwe chili ndi mathero chimaoneka chathunthu. Cha mfundo zitatu chodukira panjira chimaoneka chosatha. Wochedwa kulemba musamuuze kuti athamange, zilembo zingasanduke zosawerengeka. Muuzeni alinge ku mawu 370, osati 500.

Za kulemba kaye pa pepala lapadera kenako n'kukopera bwinobwino: aiwale. Nthawi yake palibe. Cholakwika achidule ndi mzere umodzi, alembe cholondola pamwamba pake.

Kuchonga kalasi ya ana 80

Palibe mphunzitsi angachonge zimangirizo 80 sabata iliyonse n'kukhalabe ndi moyo. Ambiri akaona mulu wa makope amangosiya kupereka ntchito, ana n'kufika pa mayeso atalemba zimangirizo ziwiri chaka chonse. Ana azilemba kawirikawiri kuposa m'mene inu mungachongere.

Sabata iliyonse chongani chinthu chimodzi. Sabata ino mukungoona ngati chiyambi chanena mbali, yamawa ngati ndime iliyonse ili ndi chitsanzo. Pepala limodzi limatha pa mphindi imodzi. Zimangirizo zathunthu tengani za gulu limodzi la ana 20 mosinthanasinthana, kuti pa mwezi aliyense alandire ndemanga yanu kamodzi. Otsalawo asinthane makope ndi mnzawo, ayankhe mafunso atatu okha: wolemba waima mbali iti, chitsanzo chake champhamvu n'chiti, ndime iti yangobwereza inzake. Mnzake akalephera kupeza mbali, chimangirizocho chalephera, ndipo mwini wake amamva msanga kuchokera kwa mnzake kusiyana ndi inki yofiira.

Ndemanga ikhale yoti mwana angachite nayo kanthu. "Onjezera khama" sithandiza aliyense. "Ndime yachiwiri ilibe chitsanzo, ilembenso ndi malo ndi chaka" imamupatsa ntchito ya madzulo omwewo. Mukamawerenga pepala la wina mokweza, bisani dzina, ndipo yambani ndi chomwe wachita bwino.

Pa kalembedwe, aliyense akhale ndi zolakwa zake zitatu zomwe amazisaka pa mphindi 7 zomaliza zija. Wina vuto lake ndi l ndi r, ndiye akumbukire kuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga mu "kulira" ndi "kubwera". Wina amalemba ndime yonse yopanda mpumiro. Wina zidule za pa WhatsApp zamulowerera, amalemba "kt" m'malo mwa "kuti" osazindikira. Kumuuza mwana kuti "werenganso" osamuuza chofuna, amangoyendetsa maso pa pepala n'kutseka.

Masabata omaliza

Ndi bwino kuyamba zonsezi mu Fomu 3, koma ngakhale teremu imodzi ikhoza kusintha zambiri. Kukatsala mwezi, lembetsani zimangirizo ziwiri kapena zitatu monga m'mene zidzakhalire pa tsikulo: madesiki otalikirana, mutu wosaonedwapo, palibe kufunsa, palibe kope pafupi. Mayeso a MSCE amagwa m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndiye ngakhale kamodzi kokha lembetsani m'mawa kwambiri, makamaka ngati muli kumalo ngati Dedza kapena Mzuzu, kuti ana adziwe m'mene zala zimakanira kuthamanga kukazizira.

Ena adzabwera ndi zimangirizo zoloweza kuchokera m'timabuku ta pamsika, n'chiyembekezo choti mutu udzafanana. Atengereni chimodzi, musinthe mawu awiri okha pa mutu wake, awone m'mene choloweza chija chikuphonyera funso. Zoyenera kuloweza ndi nkhokwe ya umboni ija ndi kagawidwe ka mphindi.

Sabata yomaliza musaperekenso chimangirizo chathunthu. Tsiku lililonse mitu itatu, pulani zitatu, mphindi 8 iliyonse. Akumbutseni kudzabwera ndi zolembera ziwiri zomwe azilemberapo kale, kulemba nambala ya funso ndi mutu asanayambe chiyambi, ndiponso kuti woyang'anira akangoti yambani, ayang'ane wotchi n'kulemba pa ngodya ya pulani nthawi yomwe ayenera kukhala atayamba mathero.